Kuyeza sitima ya pamadzi ndi mapazi

Lachinayi, mwezi wa Julayi. Kwazizira, koma mtima wanga sunakhazikike.

Akundilembera ndi mwana wanga Mutinta, poti ine sukulu ndinalekezera panjira. Lemba bwino, mwanawe, usadumphe mawu.

Kukoleji Mutinta akufufuza za sitima yaikulu ya azungu imene inamira kalekale paulendo wake woyamba, itagunda chiphiri cha madzi oundana. Manambala a m'buku sandilowa, choncho lero ananditengera kusiteshoni kuti tiyeze kutalika kwake ndi mapazi, motsata njanji. Tinayenda mpaka mawondo kulira. "Atate, tikadali pakati," anatero. Ine ndasema mabwato a pa mtsinje wa Kafue moyo wanga wonse, koma apa ndinavula chipewa. Akuti zitsulo zonse za sitimayo anazilumikiza ndi misomali yotentha, umodziumodzi, ndi manja a anthu. Ndiye usiku umodzi wokha zonse zinapita pansi, ndi anthu omwe.

Mutinta akufuna kupita kunyanja yamchere kukaphunzira kupanga masitima, pakuti kuno mafakitale akuchotsa anthu ntchito. Ndakhala ndikukana. Madzi amenewo ndikuwaopabe. Koma lemba kuti apite. Usadonthezere misozi papepala, iwe. Lemba msanga, ndisanasinthe maganizo...