Tinawalira Akadali Moyo: Chipepeso pa Imfa ya a Chitseko

Kwa mayi a m'nyumba, ana, adzukulu ndi abale onse a malemu, komanso kwa onse okonda timu yathu,

Ndi mitima yosweka ndiponso nkhope zogwa, ife atsogoleri a kalabu ino tikudziwitsa anthu onse za imfa ya goloboyi woyamba ndiponso mphunzitsi wakale wa timu yathu yachiwiri, ya rizevu ija, bambo amene bwalo lonse linkawadziwa ndi dzina loti a Chitseko, omwe atisiya Lachiwiri m'mawa atadwala kwa nthawi yochepa.

Mbiri ya rizevu siingakambidwe popanda iwo. Timuyi inayamba ndi anyamata otsala pa timu yaikulu, amene ankaphunzira mpira kuseri kwa masitandi atavala majezi otha, ndipo a Chitseko ndiwo ankadziponya pamiyala ya pamenepo mpaka zigongono kudzaza zipsera. Mawondo atayamba kukana, anatenga wezulo nakhala mphunzitsi. Pamene komiti ya nthawi imeneyo inathetsa rizevu, iwo anapitiriza kusonkhanitsa anyamata pabwalo la sukulu, kufikira kalabu inagonja n'kuibwezeretsa. Chikho chakale kwambiri m'kabati ya muofesi mwathu chinabwera ndi iwo, ndipo ambiri mwa akatswiri amene pambuyo pake tinkawanyamula m'mapewa anadutsa m'manja mwawo. Eni akewo sanasewereko timu yaikulu ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo akafunsidwa ankangoseka, amvekere chitseko chimatulutsa ena, icho sichituluka.

Koma sitingapepese ngati anthu oyera m'manja. Miyezi ingapo yapitayo, pa chikondwerero chokumbukira kukhazikitsidwa kwa rizevu, wolengeza wathu anatchula pachimkuzamawu osewera amene anatisiya, ndipo a Chitseko anatchulidwa pakati pawo. Mmodzi wa ife anali atamva mphekesera, enafe tinangovomera, ndipo palibe amene anapita kukafunsa, chonsecho denga la nyumba yawo limaoneka munthu akaima pamwamba pa masitandi athu.

Kulakwaku takudziwa Lachitatu lapitali, pamene mwana wawo wamkazi anafika kuofesi kudzatiuza za maliro. Mlembi wathu anawayankha modabwa kuti bambowo paja anamwalira kalekale. Mayiwo sanakalipe. Anapempha mpando, natifotokozera modekha kuti pa tsiku la chikondwererolo bambo awo analipo. Anadzuka molawirira, nasititsa malaya, nalowa pachipata cha anthu wamba, nakhala kuseri kwa golo kumene anazolowera. Wolengeza atapempha khamu lonse kuti liimirire mwachete polemekeza omwalira, nawonso anaimirira, navula chipewa. Mwana wawoyo anafuna kuthamangira kwa wolengeza, koma iwo anawagwira mkono, nati:

"Khala pansi, mwanawe. Anyamatawo atenthetsa kale thupi, usawachedwetse."

Anaonera mpira wonse mpaka wezulo yomaliza. Pobwerera ankaseka m'njira kuti sankadziwa kuti ali ndi mbiri yabwino chotero, koma atafika kunyumba chakudya sanachikhudze, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pabwalo pathu. Adzukulu akayatsa wailesi kuti amvere mpira, iwo ankatuluka kukakhala pakhonde.

Sitikunena kuti ndife tinawadwalitsa, pakuti za moyo mwini wake ndi Mulungu. Koma tikuvomera pamaso pa onse kuti munthu amene anatimangira nyumba tinam'tsekera kunja akupuma, ndipo anapita osamva mawu athu opepesa. Tinalakwa pagulu, n'chifukwa chake tikupepesanso pagulu, ndipo mlanduwu sitikuukankhira kwa wolengeza, amene anangonena zimene ife tinamuuza.

Titafunsa chimene tingachite pamaliro, mwana wawo anati:

"Mubwere, bambo sanakusungireni mangawa. Koma zolankhula munalankhula kale. Mungotibwereka anyamata a rizevu adzanyamule bokosi."

Tamva, ndipo tidzachita momwemo. Masewero a rizevu a sabata ino tawaimitsa, kuti anyamata onse akaperekeze agogo awo.

M'malo mwa komiti, aphunzitsi, osewera a matimu onse awiri, ogwira ntchito pabwalo ndi ochemerera athu kulikonse kumene ali, tikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu mayi athu, kwa ana ndi adzukulu, ndi kwa onse amene imfayi yawakhudza. Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku owawa ano, akupukuteni misozi, ndipo mzimu wa bambo athu uuse mumtendere. Pa tsiku la maliro ife tidzafika m'mawa, tidzakhala kumbuyo kwa anthu onse, ndipo mukadzafuna wotunga madzi kapena wonyamula mipando, mudzatitume.

Ine wanu wogwidwa ndi chisoni ndi manyazi,
Wapampando wa Kalabu