Fodya Amene Sindinakupatseni

Winnipeg,
12 Novembala 2019

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira bondo lija likukupatsaniko mpata. Kuno chipale chofewa chayamba kale kugwa. Nsomba zowamba munanditumizira zija zinafika, ndipo ndadya ndekha osagawirako munthu.

Za kuntchito ndi izi. Mu Januwale akuluakulu a yunivesite adzakhala pansi kuti aone ngati andikhazike pa ntchito kapena ayi. Ndaphunzitsa za ufulu wa anthu a mtundu wathu wa Cree zaka zisanu ndi chimodzi, koma chomwe akudikira ndi buku langa. Popanda bukulo ndilongedza.

Lachiwiri lapitali ndinkaphunzitsa zomwe ndimaphunzitsa chaka chilichonse, zoti pa mwambo wathu munthu wamkulu sumufunsa nkhani yake usanamupatse fodya, kuti akhale ndi mpata wokana. Akatola fodyayo ndiye kuti walola. M'kalasimo muli mayi wina dzina lake Verna, wamkulu kuposa ine, wosabisa mawu. Anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga bambo anu aja munawalemba m'buku munawapatsa fodya wotani? Wa m'sitolo kapena wolima nokha?"

Ndinati, "Amene aja ndi bambo anga."

"Eee! Ndiye munthu akabereka alibenso pokanira? Koma sukulu n'njabwino, anthuni!"

Onse anaseka. Ine ndinayamba kufufuta bolodi lomwe linali loyera kale.

Bambo, sindinakupatseni. Chilimwe chija tikusoka maukonde ndinangoika chojambulira mawu pabenchi, inu n'kuyamba kufotokoza za sukulu yogonera komweko ija imene anakutengerani mokakamiza, ndi za mng'ono wanu Isidore amene sanabwereko. Munalankhula chifukwa wofunsayo anali mwana wanu, ndipo ine ndinkadziwa. Pepala la yunivesite lopereka chilolezo munasainadi, koma munasaina momwe mumasainira za kuchipatala, osawerenga. Mutu wachinayi wa bukulo ndi mawu anu okhaokha, ndipo ndi umene aliyense amautama. Ndili ndi manyazi.

Dzulo ndinawauza osindikiza bukulo kuti aime kaye. Mkulu wathu wa kuntchito anagwira mutu. "Leona, wapenga kodi? Kwatsala masabata asanu ndi awiri okha!" Sakunama. Mutu wachinayi uja ukachoka, chotsalacho si buku.

Ndikwera ndege ya Loweruka. Fodya sindimuika mu envulopu ino ayi, ndibwera naye ndekha m'kansalu, ndidzamuike pathebulo patsogolo panu. Musaganizire za ntchito yanga, ngakhale ndikudziwa kuti ndangomaliza kukusenzetsani. Mukapanda kumutola, mutuwo ndidzauchotsa ndipo sindidzafunsa chifukwa.

Mundiperekere moni kwa onse pakhomo, makamaka mlongo wanu, azakhali Delphine. Bambo, zomwe munanena za tsiku lomaliza la Isidore ndinaziwerenga mu Meyi pamaso pa anthu mazana atatu ku Toronto. Anaimirira n'kundiombera m'manja. Azakhali sanazimvepo, ndipo Loweruka ndi iwo amene adzandichingamire kubwalo la ndege.

Ine mwana wanu,
Leona