Zimene Ndinayankhula Potsika Phiri la Bwahit

Debark, mwezi wa Hidar

Wokondedwa mwana wanga Yihenew,

Ndikukupatsa moni m'dzina la Mulungu. Uli bwanji ku Addis Ababa kumeneko? Nanga mkazi wako Tiruwork ndi ana? Ife kuno tadzuka. Amayi ako bondo lija likuwavutabe kukazizira, koma akuyenda. Barele takolola, watsala wa kumunda wakumtunda.

Dzanja likulembali ndi la amalume ako Asmamaw, mawu ndi anga. Ndikanaimba lamya, koma pa lamya iwe umathamanga, ine ndisanafike kumene ndikupita wadula kale.

Tiruwork anawauza amayi ako kuti wakangana ndi Mulualem, mnzako amene munayamba naye ntchito yanuyo. Akuti wamulanda makiyi a chipinda choyezera, ndipo wamuuza kuti mwezi uno ukamatha achoke. Mlandu wake akuti ndiye anaulula kwa Dokotala Azalech kuti timapepala tanu toyezera matenda a kala-azar tinalephera ku Metema. Tiruwork usamukalipire, anachita bwino kunena.

Undilole ndiyambire poyambira, ine kudumpha sindidziwa.

Ukukumbuka sabata ija munadzaza nyumba ya alendo kuphiri kuno, inu anthu opanga mankhwala. M'mawa misonkhano, masana kukwera mapiri. Aliyense khadi la dzina pakhosi. Amalume akowa ankati muli ngati nkhosa za pamsika wa Loweruka, changotsala n'kukupakani utoto pamsana. Awiri akakumana panjira, ngakhale ali wefuwefu, ankayamba apatsana timakhadi tawo. Inenso ndinapatsidwa tinayi, munthu wosadziwa kuwerenga.

Tsiku loyamba unabwera kunyumba, ndipo tikumwa khofi unandiuza za Dokotala Azalech. Unati mayi amenewa ndi amene amasankha ntchito zoti kampani yawo iikepo ndalama. Unati kuofesi kwawo munthu amapatsidwa mphindi khumi, koma paphiri palibe chitseko. Ndiye unandipempha kuti tsiku lokwera Bwahit ndiwakweze pa nyulu yanga, iwe uziyenda pambali n'kumawafotokozera za timapepala tanu. Ndinavomera. Ndinanyadanso m'mawa muja pamene unawauza anzako onse kuti mwini nyuluyu ndi bambo anga.

Titachoka pa msasa wa Chennek zinayamba bwino. Iwe unkayankhula, iwo ankafunsa. Koma titadutsa pamene mitengo imathera, ndinaona kuti asiya kufunsa. Milomo inali itatuwa, mutu ataugwira. Kenaka anasanza.

Unaona wekha zimene zinachitika. Madokotala asanu ndi awiri anawazungulira. Wina akuti ndi shuga, wina akutulutsa mapiritsi, wina wawapana chala ndi kachipangizo, onse akutsutsana m'Chingerezi. Matendawo, obwera mpweya ukachepa pamwamba pa phiri, ankawadziwa bwino, kuposa ine. Koma panalibe wofuna kukhala woyamba kuuza munthu wamkulu ngati ameneyo kuti ulendo wamukanika, poti aliyense anali ndi chake chofuna kupempha.

Ine ndinalibe chopempha. Ndinangotembenuza nyulu. Iwo anati ayi, ndipume pang'ono tipitirize. Ndinati mayi, kuofesi olamula ndinu, koma pano ndi ine ndi nyuluyi, ndipo tonse awiri tagwirizana kuti tikutsika. Iwe unafuna kutitsatira, iwo anakukaniza, akuti kakwereni achimwene, wodwala mmodzi akwana. Diso limene unandiyang'ana nalo ndinaliona. Ndinakulanda maola ako atatu.

Tsopano apa ndi pamene iwe sukudziwa.

Titafika pa kasupe uja, nkhope inayamba kubwerera. Anatsika, n'kukhala pamwala. Ndinawafunditsa gabi yanga, nsalu yathonje yofunda ija, ndinawapatsa madzi ndi tinjere ta kolo ta m'thumba mwanga. Anatafuna, n'kuseka, akuti zaka makumi atatu ndili kunja koma barele wokazinga sanasinthe. Anandiuza kuti anabadwira ku Gondar konkuno. Tinafunsana za makolo, tinapeza kuti bambo awo ankagula uchi kwa agogo ako.

Kenaka anandifunsa, akunditchula mwaulemu, kuti Gashe Wubetu, mwana wanuyu ndi munthu wotani?

Mwana wanga, kuno munthu akafunsa choncho, kaya akufuna mkamwini kaya wolima naye, sitimuuza kuti ndi wanzeru basi. Anzeru ndi ambiri. Timamuuza zimene munthuyo anasenza osagwa. Ndiye ndinawauza za ulendo wako wa kusukulu, wapansi, chisanu chili mbuu. Ndinawauza za amayi ako kugulitsa ng'ombe. Anamvetsera bwino, ine pakamwa panatsekuka.

Ndinawauza za ku Metema. Ndinati ulendo woyamba timapepala tinawonongeka ndi kutentha tisanagwire ntchito. Ndinati ulendo wachiwiri timapepalato tinaonetsa kuti anthu khumi ndi mmodzi ali bwino pamene ali ndi matenda. Ndinati iwe utazindikira unakatenga tonse, unakwera basi wekha, unayenda m'minda ya chitowe kufunafuna anthu khumi ndi mmodzi aja mpaka unawapeza onse n'kuwaperekeza kuchipatala. Ndinatinso unabwera kuno pa Pasaka, tonse tikumasula kusala, iwe nyama osaikhudza.

Iwo anafunsa kuti unali mwezi wanji, anayezedwa anthu angati. Ine ndinakondwa, ndinati nkhani ya mwana wanga yawagwira mtima. Ndinayankha zonse zimene ndinkakumbukira. Ndinkayesa ndikukumangira nyumba.

Kenaka anati zimenezi mwana wanu sanazitchule dzulo pamene ankationetsa zithunzi za ntchito yake. Ine ndinati mwina nthawi inamuchepera. Iwo anati mwina. Anakwera nyulu, ndipo mpaka pa Chennek tinangokamba za mvula.

Pamenepo mtima unandiuza kuti ndaponda molakwika. Koma tsiku lotsanzikana iwe unali wosangalala, unati mayi aja akutamanda bambo anga, ndiye ndinameza mawu. Kuyankhula kuja ndinalakwa mosadziwa. Kukhala cheteku ndinalakwa ndikudziwa.

Ndamva kuti Dokotala Azalech akulembera kalata yoti sasankha kanthu mpaka ataona mapepala onse a ku Metema. Ndamvanso kuti Mulualem ukumuganizira chifukwa anakwera nawo galimoto imodzi popita kubwalo la ndege ku Gondar. Zimene anakamba m'galimotomo ine sindikudziwa. Zimene ndinakamba ine pakasupe ndikuzidziwa, ndipo ndi zimenezi. Amalume ako aima kulemba, akuti mkamwa mwanga mukufunika chingwe kuposa nyulu. Ndawauza kuti alembe zimenezonso.

Ngati ndalama zija zakudutsa chifukwa cha ine, ndilibe choti ndikubwezere, ndingopempha kuti undikhululukire. Ukandifunsa maganizo, ndingati uwatumizire mapepala onse, ndi nkhani ya anthu khumi ndi mmodzi aja yomwe. Ine mpaka lero sindiona chochititsa manyazi pamenepo. Koma ntchito yako umaidziwa ndiwe, ine ndimadziwa njira za m'phiri.

Za Mulualem ndiye ndikudziwa. Mwana ameneyo anagona nawe chipinda chimodzi zaka zinayi muli ophunzira. Anagwira mwana wako woyamba paubatizo. Wamutchula wachinyengo pamaso pa antchito anu, pa mlandu wa bambo ako.

Makiyi aja ukamubwezere wekha, usatume munthu. Upite kunyumba kwake, osati kuofesi, ndipo umuwerengere kalatayi yonse, osadumpha pamene pakukuchititsa manyazi. Ukatero ukanenenso pamaso pa antchito omwe aja kuti unamunamizira.

Akakana kukutsekulira, usamukakamize, undiuze. Ndikwera basi, ngakhale ndi masiku awiri. Ndidzatola mwala pakhomo pake, ndidzausenza paphewa monga timachitira kuno popepesa, ndidzawerama pamapazi pake mpaka iye mwini adzandichotsere. Msana wanga ndi wokalamba, koma mwala umenewo ndi wanga. Mwezi usathe nkhaniyi ili chonchi.

Undiperekere moni kwa Tiruwork, umuuze kuti uchi wake tausunga. Ana uwapsompsone pamphumi. Amayi ako akupereka moni, akuti uzidya. Amalume akonso akupereka moni, akuti dzanja lawawa.

Mulungu akusunge, akupatse mtima wofewa ndi miyendo yofulumira.

Ndine bambo ako,
Wubetu Alemneh