Matenti Alipo, Phiri ndi Lanu

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi moni. Kaya muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse? Chifuwa chija chinakusiyani, kapena mukungochinyengerera monga mwa masiku onse? Ine kuno ndilipo. Maondo ndiwo akuchita mwano, koma kudya ndikudya, ndipo mankhwala a kuchipatala ndikumwa osadumphitsa.

Akundilembera kalatayi ndi mpongozi wathu, mayi a mapasa. Ndawauza kuti alembe mmene ndikuyankhulira, osakometsera, ndipo akamaliza andiwerengere. Ndikanatha kuimba foni, koma nkhani ya malo siyenera kumadukaduka pakati.

Mwana wanu Dalaivala ntchito inamuthera. Kampani ija yonyamula alendo okaona malo inatseka. Sanabe kanthu, sanagunde munthu, ndipo zake zonse anamupatsa. Ine ndinkati agule kagalimoto azinyamula anthu m'tauni muno. Iye anati zaka zonsezi wakhala akutula alendo m'malo ogona panja, waona mmene eni ake amayendetsera, ndipo akufuna atsegule ake. Alendo ambiri amene ankawanyamula amamuimbirabe.

Ndikufotokozereni bwino, chifukwa nanenso poyamba sindinamve. Kuli anthu a nyumba zabwino, zamagetsi ndi madzi m'kati, amene akatopa ndi tauni amanyamuka kukagona m'tenti kutchire, ndipo amachita kulipira. Sikuti agwa m'mavuto kapena athamangitsidwa. Ndinafunsa kawiri.

Tsiku lokagula matenti ananditenga. Sitoloyo ndi yaikulu, matenti anawamanga m'kati momwemo ngati kamudzi. Ine maso anagwera pa ina yobiriwira, yolemera, yoti mpingo wonse nkubisalamo mvula. Ndinati tigule imeneyo imodzi, alendo azigona pamodzi, nkhani ithe. Dalaivala anandiyankha mwaulemu kuti anthu amenewa amakhala akuthawa anzawo, ndiye sangalipire kuti akamve mkonono wa munthu wosamudziwa. Anasankha zing'onozing'ono, za anthu awiriawiri.

Kusankha kwake ndinakuona, ndipo sindichita manyazi kunena kuti mwanayu ntchito akuidziwa. Mtundu wa nsalu sanaulabadire. Nsaluyo ankaiunika pa getsi kuti aone misoko. Zipi ankaitsegula ndi kuitseka mpaka mayi wogulitsa anafunsa ngati tabwera kudzagula kapena kudzaimaliza. Ankafuna tenti ya pansi posokerera kuti nyerere ndi madzi zisalowe, ya neti pakhomo, ndiponso ya nsalu yachiwiri pamwamba yotchinga mvula. Zikhomo za pulasitiki anazikana, anati pa nthaka youma zimathyoka, nkutenga zachitsulo.

Mayi wogulitsa uja anandinyengerera kuti agogo talowani mumve kukoma kwake. Kulowa ndinalowa chokwawa. Potuluka maondo anakana, mpaka anachita kundikoka anthu awiri, mapasa ali gubudugubudu ndi phwete. Chifukwa cha ine Dalaivala anaonjezerapo ina yaitali, yoti munthu nkuimirira m'kati, akuti alendo okalamba nawonso amabwera. Mayi a mapasa akuseka pamene akulemba izi, koma ndawauza kuti asachotsepo.

Anagulanso matiresi opopa ngati mpira, mipando yopinda, tochi zomanga pamphumi, ndi tizitofu ta gasi. Palinso matumba ogonamo, otseka ndi zipi mpaka m'khosi. Limenelo ine ndinakana. Munthu wamoyo satsekeredwa m'thumba, ndipo bulangete langa silinandilakwire. Katundu yenseyu pano ali pabalaza, moti timadutsa chammbali, ndipo eni nyumba afunsa kale ngati tatsegula sitolo.

Chotsala chinali malo. Ine ndinapereka munda wanga wa kumtsinje uja. Ndinati ndi pathyathyathya, madzi ali pafupi, msewu uli pafupi, ndipo mlendo akadwala anthu ali pomwepo. Dalaivala sanavomere, sanakane. Anangoti tiyeni kaye mukaone kumene anzathu amachitira.

Tinapita kumapeto kwa sabata. Malowo ali pamtunda, msewu wake wokumbika, ndipo pofika pali kanyumba ka mlonda, mpopi, chimbudzi ndi bafa, basi. Anandiuza kuti ndisankhe pomanga tenti. Ndinasankha pafupi ndi geti, pambali pa mpopi, pomwe mphepo siwomba ndipo munthu akaitana amveka. Mwini malo anati pamenepo ndi potsika mtengo kuposa ponse, ndipo pamatenga okhawo amene afika mochedwa. Amene anthu amalimbirana ndi akumapeto, pamwamba pa thanthwe, pamphepo, kutali ndi aliyense. Apo ndinazindikira kuti munda wanga wakanidwa, ngakhale palibe ananena.

M'mawa ndinapeza anthu atakhala pa mipando yawo yopinda, makapu m'manja, akuyang'ana kutsidya, onse chete ngati akudikira wodwala. Ndinakhala nawo kuti ndione chimene akuona. Kunali mapiri awiri ndi nkhungu. Ndinadikira kuti mwina kutuluka china, koma zinali zomwezo.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Mwini malo anandifunsa monyadira ngati ndinaonapo malo okongola chotere. Ine ndinati mbuzi za mng'ono wanga zimaona zoposa izi tsiku ndi tsiku, ndipo sizilipira. Ndinafotokoza phiri lanu lija, thanthwe lalikulu la pamwamba, mtsinje mmene umakhotera pansi, ndi mapiri ondondozana mpaka maso kutopa. Ndinkangofuna kumutsitsa munthuyo pang'ono. Koma Dalaivala anali kumbuyo kwanga, ndipo anati phirilo analiiwala chifukwa anakwerako ali mwana. Kuyambira tsiku limenelo sakamba za malo ena. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine ndinasiya mlomo.

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo ndi limodzi. Mumulole mwanayu amange matenti ake pamwamba pa phiri lanu.

Ndamufunsa bwinobwino zimene akufuna, kuti ndisakuuzeni zabodza. Akufuna pathyathyathya paja kuseri kwa thanthwe, ndi kanjira kokwerera. Mtengo sadula, mwala saswa. Adzakumba chimbudzi, adzamanga bafa, adzaika thanki ya madzi. Matenti ndi omanga nkumasula, moti tsiku limene mudzanene kuti zakwana, pofika madzulo phiri lidzakhala monga linalili. Mbuzi akuti zisachoke, chifukwa alendo amakonda kuzijambula. Izinso ndinafunsa kawiri. Malo akhala anu, ndipo za gawo lanu mudzapangana maso ndi maso, ine ndili pomwepo.

Ndikudziwa kuti anthu oswa miyala aja munawabweza, ndipo munanena pagulu kuti inu muli moyo phirilo silidzakhudzidwa. Ndinagwirizana nanu nthawi imeneyo, ndipo mpaka pano sindinasinthe. Ndikudziwanso kuti muli ndi ana anu amene angafunse chifukwa chake mwapatsa uyu. Nchifukwa chake sindikulamula. Ukulu wanga umathera m'malire a munda wanga. Bambo athu pogawa anati phiri ndi lanu, ndipo ine ndinalipo.

Koma mudziwe mmene zilili. Kampani ina ya magalimoto akuluakulu a katundu yamuitana. Ntchito yake ndi yochoka pakhomo miyezi, kugona m'misewu ya m'maiko a eni, nkubwera ana atasintha nsapato. Eni kampaniyo akufuna yankho lake pakutha pa mwezi uno. Malo akasowa, matenti agulitsa motchipa ndipo apita. Mayi a mapasa pano aimitsa cholembera, koma ndawauza kuti apitirize, chifukwa ndi zoona.

Dalaivala ankafuna kubwera yekha kudzakugwadirani. Ndinamuletsa. Mwana akagwada pamaso panu mudzavomera ndi pakamwa mtima ukukana, ndipo zotero zimadzatulukira patsogolo. Kalata siyang'ana munthu kumaso. Muiwerenge, mukambirane ndi alamu anga, mukwere phirilo ngati chifuwa chikulola, kenako mundiyankhe ine, osati iye.

Mupereke moni kwa alamu anga, muwauze kuti juzi anandilukira ija ikundithandiza. Moni kwa achemwali athu ndi amuna awo, kwa ana anu onse ndi zidzukulu, ndiponso kwa mwana wa achemwali amene akundilimira munda. Kuno akupereka moni mayi a mapasa, mapasawo, ndi Dalaivala, amene ndamutuma kumsika kuti asamve zimene ndikulemba.

Wopempha ndine, achimwene. Mukavomera, mwapatsa mwana wanu. Mukakana, mwakana ine, ndipo ndidzamuuza ndekha kuti nkhaniyi yatha. Iye adzapitiriza kubwera kwanu kudzapereka moni monga kale, ndipo za phiri sadzatchulanso.

Ndine mkulu wanu,
Bambo a Dalaivala