Zimene Mudzi Unaiwala Dala

Amayi, kodi kumene muliko mukukhalako bwanji? Ndine Alinafe, mwana wanu wa mafunso uja. Ndatenga nthawi osakulemberani, ndipo musaganize kuti ndi sukulu yandipanikiza. Ndinkachita manyazi. Lero ndangoti ndilembe basi, chifukwa nkhaniyi yandilemera ndipo wina womuuza ndilibe.

Ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira inu mukamachokera kumsika kwa Kasakula, kuyamba mwatulutsa nthochi musanatiuze kuti mafuta ophikira mwawaiwala. Akazi a achimwene a Kondwani anachira mu Febuluwale ku Dowa Boma. Mwana ndi wamkazi ndipo amutcha dzina lanu, Rozina. Mphuno ndi yanu ndithu, kulira kwakenso n'kolamula ngati mmene munkaitanira inu nkhuku. Chimanga chachita bwino kumunda wa kumtunda, koma mtedza unapsa ndi ng'amba ya mu Januwale. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, mmodzi anatengedwa ndi fisi. Amayi a kumphakati amakutchulanibe pa mapemphero, ngakhale nyimbo ija munkayambitsa inu tsopano amaiyamba mokweza kwambiri n'kukanika kuimaliza.

Kusukulu ndili chaka chachinayi, chomaliza. Mukukumbukira tsiku lomwe ndinakuuzani kuti anditenga kukaphunzira sosholoje? Munafunsa kuti n'chiyani chimenecho, ine n'kuyankha monyada kuti ndi maphunziro a mmene anthu amakhalira pamodzi. Munaseka mpaka kutsamira khoma. "Ndiye upite ku yunivesite zaka zinayi kukaphunzira za anthu? Ukhale pachitsime sabata imodzi, ndikupatsa ndine digiriyo." Tsiku limenelo ndinakwiya nanu. Pano ndikanakonda ndikanakhalako pachitsimepo sabata imodziyo.

Chaka chomaliza aliyense amachita kafukufuku wake, kupita kwa anthu ndi pepala la mafunso n'kudzalemba zomwe wapeza. Ine ndinasankha za chikamwini, mwambo wathu woti mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi ndi kulima munda wa mkaziyo. Ndinaona kuti n'zapafupi, popeza ndinakulira momwemo. Inu mukudziwa kuposa ine mmene abambo anafikira kwanu kuchokera ku Bowe, zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo, ali ndi njinga ndi khasu basi. Nyumba ya malata anamanga ndi iwo, dimba la kumtsinje anaswa ndi iwo, mango onse ali pakhomo anadzala ndi iwo. Koma nthaka ndi yanu, aNabanda, ya mbumba yanu.

Mwambo umati mkazi akamwalira, anthu atameta, ankhoswe amakumana n'kusudzula mwamunayo, kumumasula kuti abwerere kwawo. Inu mutatisiya, izo sizinachitike. Mwezi unatha, chaka chinatha, zaka ziwiri. Abambo ankangodzuka m'mawa, kusesa pakhomo, kutsikira kudimba. Ine ndi nzeru zanga za m'kalasi ndinaganiza kuti chikhalidwe chikusintha, ndipo ndinalemba zimenezo papepala lopempha chilolezo cha kafukufuku. Aphunzitsi anga anakondwera nazo.

Mu Epulo ndinabwera kumudzi ndi mapepala makumi atatu. Tsiku lina masana ndinasonkhanitsa anthu asanu ndi atatu pakhonde la alongo anu, atsibweni a Lufeyo, omwe ndi mwinimbumba wathu. Panalinso ang'ono anu, amayi aang'ono Esinati. Ndinagula mabanzi, ndinaika foni pampando kuti ijambule mawu, ndinawauza kuti mayina awo sadzalembedwa. Zonse ndinachita monga anatiphunzitsira. Anthu ankayankha bwino, akuseka, mpaka tinafika pa funso la nambala 14, loti mkazi akamwalira mkamwini amatani. Onse anayankha mwachidule kuti amasudzulidwa, n'kupita kwawo.

Amayi, ndikanangopitirira pa funso lotsatira. Koma kusukulu anatiuza kuti yankho likafupika, wofufuza wabwino amafunsitsa. Ndiye ine, ndikumwetulira ngati wopambana mpikisano, ndinati, "Nanga bwanji abambo anga sanasudzulidwe mpaka lero?"

Mawu aja ndikadali nawo m'foni. Ndikawamvera, pamalo pamenepo pamangomveka nkhuku ndi chigayo chapatali. Kenako atsibweni akutsokomola. Kenako mawu a amayi aang'ono Esinati, odekha bwino: "Mwamumva nokha mwanayu. Si ife tanena."

Anthu atabalalika, atsibweni anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anati, "Mwana wa mlongo wanga, ukuyesa sitinkadziwa? Tinaiwala dala. Bambo ako ndi munthu wabwino, ndipo tonse tinagwirizana osakumana n'komwe. Nkhani isanatchulidwe, ine ndimatha kuikhalira. Koma iwe waitchula pagulu, ndiponso ndiwe mwana wa mwini munda. Anthu amva kuti ana atopa nawo bambo awo." Ndinalira, ndinalumbira kuti linali funso la kusukulu chabe. Iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti kumudzi kuno kulibe funso la chabe.

Sabata isanathe, amayi aang'ono Esinati anapita kwa ankhoswe. Ndinayesa kudana nawo koma zikundikanika. Ali ndi ana aakazi atatu, onse apabanja, onse akulima kachigawo kosakwana n'kudyetsa mwana mmodzi. Ndinalemba ndekha m'mutu wachiwiri wa kafukufuku wanga kuti malo akuchepa m'mapiri a Ntchisi. Sindinadziwe kuti ndikulemba za dimba la abambo. Ankhoswe anakumana, ndipo anagwirizana kuti abambo adzasudzulidwa kumapeto kwa Julaye, akakolola.

Atsibweni anandisonyeza njira imodzi yokha. Anati mwana wamkazi akakhala pakhomo pa mayi ake, akulima munda wa mayi ake, bambo angathe kukhala monga munthu wosungidwa ndi mwana wake, ndipo palibe angalankhule. Achimwene a Kondwani sangathandize, iwonso ndi mwamuna, ali kwa eni ake. Mwana wamkazi munabereka ndine ndekha. Ndipo ine ndinali nditatsala ndi miyezi isanu ndi iwiri kuti ndimalize sukulu.

Ndinawapeza abambo kudimba akuthirira mpiru. Ndinagwada m'matopemo, ndinawauza zonse, ndinati sukulu ndisiya, ndidzapitiriza chaka china. Sanasiye kuthirira. Atamaliza mzere wonse anafunsa kuti mapepala anga a mafunso aja atsala angati. Ndinati limodzi. Anati, "Undipatse. Wazungulira mudzi wonse kufunsa za akamwini, mkamwini weniweni n'kumusiya m'nyumba." Zinali zoona. M'mutu mwanga akamwini anali anthu a m'mabuku ndi a makomo ena. Abambo anali abambo basi. Analipinda pepalalo n'kuliika m'thumba la malaya, n'kundiuza kuti ndipite ndikalembe mayeso, nkhani yosiya sukulu tidzakamba ndikatsekera. Ndinawakhulupirira. Inu mukanadziwa, chifukwa munkanena kuti bambo ako akati tidzakamba ndiye kuti amaliza kale kuganiza.

Mu Juni, ndili pakati pa mayeso, achimwene anandiimbira foni. Abambo anakolola chimanga chonse, anadzaza nkhokwe, anakonza chitseko cha khola chomwe munkadandaula nacho chija, kenako m'mawa wina anakasiya kiyi kwa atsibweni n'kunyamuka. Sanadikire tsiku la ankhoswe. Anatenga njinga, khasu, wailesi, zovala zawo ndi chitenje chanu chobiriwira cha kutchalitchi. Atsibweni akuti anawagwira dzanja kuti adikire, koma iwo anati akadikira, Alinafe abwera ndi katundu wake yense.

Ndinakawaona ku Bowe. Amayi, mtima wanga ukuwawa. Makolo awo anatha kalekale, alongo awo onse awiri anamwalira, otsala ndi adzukulu omwe sawadziwa bwino. Awapatsa kanyumba komwe ankasungiramo fodya. Ana a pamenepo akawaona amati, "Alendo aja adzuka." Munda alibe. Munthu amene sankatha kukhala pansi dzuwa lili kunja ndinamupeza atakhala pa njerwa, akusema mpini womwe palibe wawapempha. Aonda. Anandifunsa za mayeso, za mwana wa achimwene, za mbuzi. Atafika pa mango anasiyira pakati, n'kuyamba kukamba za nyengo.

Chondipweteka kwambiri ndikuuzeni. Mutu wachinayi wa kafukufuku wanga, womwe ndinalembamo zomwe zinachitika pakhonde paja, aphunzitsi anauwerenga m'kalasi mokweza. Anati aka n'koyamba kuona wophunzira wa chaka chachinayi akugwira mwambo uli mkati mogwira ntchito. Anzanga anaomba m'manja. M'mutumo abambo ndi "bambo wina wamasiye wa zaka makumi asanu ndi limodzi". Ine ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa laibulale mpaka belu la m'mimba linandikumbutsa kuti sindinadye. Sindikunena kuti maphunzirowa ndi oipa. Anditsegula maso pa zambiri, ndipo ndimawakondabe. Koma zaka zinayi zonsezi anatiphunzitsa kumvetsera zimene anthu akunena, ndipo palibe tsiku lomwe wina anatiuza kuti anthu akakhala chete pa nkhani, mwina akutetezera munthu. Munkandiuza inu, ndikamafunsa alendo zaka zawo, kuti "Alinafe, yamba wayang'ana nkhope za anthu usanatsegule pakamwa." Ine ndinkati ndi nzeru za kumudzi.

Sabata yatha ndinapita kwathu. Atsibweni anandipatsa kiyi osalankhula zambiri. Dimba laperekedwa kale kwa mwana wa amayi aang'ono, adzalamo anyezi. Pakhomo pamera udzu, masamba a mango adzaza bwalo lonse. M'nyumba ndinapeza zonse zili m'malo mwake, mbale zotsuka, bedi loyala. Patebulo panali pepala lija la mafunso, atalitsindira ndi korona yanu.

Analiyankha lonse ndi pensulo, ndi zilembo zawo zikuluzikulu zija. Dzina sanalembe, poti pamwamba ndinalembapo ndekha kuti woyankha asalembe dzina. Pa zaka analemba zoona. Pa ntchito analemba kuti mlimi. Pa funso la nambala 14 analemba mawu amodzi okha: "Amapita." Pamenepo ndinalimba mtima ndithu. Koma nditabwerera pamwamba, pa funso lachitatu, lomwe ndinangoliika kuti ndidziwe kochokera munthu, loti "Kwanu ndi kuti?", sanalembe Bowe. Analemba kuti, "Kumene agona aNabanda."

Ndinakhala pansi pomwepo, Amayi, ndi pepalalo m'manja, ndipo ndinakuitanani ngati muli kukhitchini.

Sukulu ndimaliza mu Novembala, chifukwa abambo anachoka kuti ndimalize, ndipo sindingawachititse manyazi kawiri. Ndikangolemba mayeso omaliza ndikubwera kudzakhala m'nyumba mwanu. Anzanga akulemba makalata ofunsira ntchito ku Lilongwe, ine ndawauza atsibweni kuti munda wa kumtunda asaupereke kwa wina, ndilima ndine. Kenako ndidzapita ku Bowe. Sindikudziwa ngati adzavomera, mukuwadziwa amuna anu. Akakana ndidzapitanso, mpaka adzatope nane. Ngati kumeneko mumaloledwa kulankhula ndi anthu a kuno, muwauzeko kuti asalimbe mutu, ndiponso kuti azidya.

Mundikhululukire, Amayi. Ndikulonjeza kuti mango a chaka chino asanathe, abambo adzakhala atabwerera kwawo kwenikweni.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Alinafe