Mano Awiri a Nangumi ndi Sitima ya Abwenzi Athu

MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YA DOKO NDI ALENDO, CHILUMBA CHA KOROILAGI

Tsiku: Lachiwiri, 20 Ogasiti 1985
Malo: Holo ya mpingo, pafupi ndi doko

Opezekapo: Ratu Sakiusa Vunibola (Wapampando, mfumu ya chilumbachi), Adi Litiana Rokotuni (Wachiwiri), Bambo Emosi Drauna (membala), Bambo Peni Waqairatu (nthumwi ya boma), Mereoni Cagilaba (Mlembi).

Osapezeka: Abusa Josaia. Anatumiza uthenga woti mutu wawavuta, ngakhale ena anawaona akuwedza kugombe.

1. KUTSEGULA

Msonkhano unayamba 9 koloko m'mawa ndi pemphero la Adi Litiana. Wapampando analamula kuti dziko limene tikukambirana lisatchulidwe dzina m'zolembazi, lizingotchedwa Abwenzi Athu. Bambo Drauna anafunsa ngati mawu akuti "abwenzi" nawonso ndi lamulo. Wapampando anangopita ku mfundo yachiwiri.

2. PEMPHO LA SITIMA YA NKHONDO

Bambo Waqairatu anafotokoza kuti sitima ya nkhondo ya Abwenzi Athu ikufuna kukocheza padoko lathu Lachisanu. Boma silingalole popanda mawu a komiti ino, chifukwa gombeli ndi la eni nthaka. Anakumbutsa mamembala kuti ndi Abwenzi Athu amene anatimangiranso chipatala namondwe atachisasula denga, ndipo ndi iwo amatilondera nyanja.

Adi Litiana anafunsa ngati sitimayo yanyamula mabomba a nyukiliya. Bambo Waqairatu anati Abwenzi Athu savomera ndipo sakana, ndi mmene amachitira kulikonse. Adi Litiana anati iwo mlendo wokana kumasula mtolo wake samugoneka m'nyumba mwawo muli ana.

Bambo Waqairatu anati: "Mayi, mlendo ndi mame. Agona kawiri, azipita."

Bambo Drauna anati: "Mwana iwe, mame awo ine anandigwera pamutu. Mpaka lero sanakamuke."

Pamene anapatsidwa mpata, Bambo Drauna anakumbutsa komiti kuti ali mnyamata anatengedwa kukathandiza Abwenzi Athu poyesa mabomba awo ku chilumba china. Anauzidwa kuti afulatire ndi kutseka maso ndi manja, koma bomba litang'anima anaona mafupa a zala zawo. Madzulo ake anadya nsomba zimene zinkayandama zokha. Anabwerako n'kukwatira, ndipo mwana wawo mmodzi yekha, Tevita, anamwalira ndi matenda a magazi asanafunsire mbeta.

3. DZINO LIMENE WAPAMPANDO ANALANDIRA

Wapampando anati nkhaniyi ilibenso pokambirana, chifukwa iwo analandira kale tabua, dzino la nangumi, kuchokera kwa kazembe wa Abwenzi Athu. Monga aliyense akudziwa, wolandira dzino wavomera pempho lobwera nalo. Anafotokoza kuti kazembeyo anafika pamaliro a akazi a Wapampandowo, malemu Adi Salote, mwezi watha. Anagwada ndi dzinolo m'manja, womasulira wake n'kupepesa maliro bwinobwino, ndipo kumapeto anawonjezera pempho la sitima. Wapampando anati anamva zonse, koma sakanasiya dzino lili lendelende m'manja mwa mlendo, maliro ali m'nyumba, anthu onse akuyang'ana.

Adi Litiana anafunsa kuti ndani anaphunzitsa kazembe mwambo wathu, mpaka kudziwa tsiku limene mfumu singathe kukana. Bambo Waqairatu anapempha kuti funsoli lisalembedwe. Lalembedwa.

Bambo Drauna, amene ndi mlongo wa malemuwo, anati: "Alamu, mlongo wanga ali gone pamphasa, inu n'kumagulitsa gombe pamutu pake?"

Wapampando anati: "Emosi, samala pakamwa. Ukanakhala iwe ukanamubweza?"

Bambo Drauna anati: "Ndikanamuuza abwere titakwirira."

Mawu amene anatsatira sanalembedwe, polemekeza nyumba ya mpingo.

Bambo Waqairatu anachenjeza kuti kubweza dzino ndi chipongwe chimene Abwenzi Athu adzachimvetsa bwino, popeza aphunzitsidwa. Anati mankhwala a kuchipatala amabwera ndi ndege yawo, ndipo namondwe akadzabweranso tisadzayang'ane kumwamba. Wapampando anawonjezera kuti mwa mwambo wa Koroilagi, mfumu yobweza dzino imene inalandira sikhalanso kumtunda kwa mphasa, pamalo a mtsogoleri. Anapempha kuti komiti ingovomereza.

4. DZINO LACHIWIRI

Komiti isanavomereze, Bambo Drauna anatsegula dengu lawo n'kutulutsa tabua yakale, yofiirira ndi utsi. Anayenda chogwada mpaka pamaso pa Wapampando, n'kuitambasula ndi manja awiri.

Anati: "Iyi ndinasungira Tevita, yokafunsira mkazi. Munaiona inu alamu, munati mudzatsogolera ulendowo ndinu. Ilibenso ntchito ina. Ndikupempha sitima ija isalowe."

Bambo Waqairatu anati zimenezi sizili pa ndondomeko ya msonkhano. Adi Litiana anawauza kuti akhale chete, pakulankhula dzino.

Wapampando anakhala osasuntha nthawi yaitali. Manja a Bambo Drauna anayamba kugwa, koma ankawakwezanso. Mlembi analeka kulemba, chifukwa zinali zowawa kuziona.

Pomaliza Wapampando anati: "Mlendo sindinamusiye chitambasulire manja. Ndingakusiye iwe?" Analandira dzinolo, n'kulinunkhiza monga mwa mwambo, ndipo onse anaomba m'manja kupatula Bambo Waqairatu.

CHIGAMULO: Sitima ya Abwenzi Athu isalowe padoko pokhapokha atanena poyera chimene yanyamula. Wapampando apita okha kulikulu ndi boti la Lachinayi kukabweza dzino loyamba m'manja mwa kazembe. Bambo Waqairatu anapempha kuti zilembedwe kuti iwo anachenjeza. Zalembedwa.

5. ZINA NDI ZINA

Adi Litiana anapempha kuti namwino auzidwe lero lomwe kuti awerenge mankhwala amene atsala, ndipo asamale nawo.

Kava, chakumwa chamwambo chotsekera msonkhano, atakonzedwa, Ratu Sakiusa anadzuka kumtunda kwa mphasa, kumene akhala chiyambire komiti ino, n'kukakhala kukhomo pambali pa Bambo Drauna. Wogawa kava anaima ndi chikho choyamba, chimene chimapita kwa mtsogoleri, osadziwa kopita nacho. Ratu Sakiusa anamulozera kwa Adi Litiana.

6. MSONKHANO WOTSATIRA

Loweruka, 24 Ogasiti, tikaona ngati sitimayo yabwerera kapena yaima kunja kwa matanthwe. Msonkhano unatha 12 koloko masana, popanda pemphero.

Asaina:

Adi Litiana Rokotuni, Wapampando wogwirizira

Mereoni Cagilaba, Mlembi

Ratu Sakiusa atapatsidwa cholembera anati dzina lawo lilembedwe pamodzi ndi mamembala.