Cholembera chimaima msanga

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ndi ana onse. Kuno tilipo, mwendo wa amayi ukuchira.

Mng'ono wanga uja tsopano saonanso zilembo, ngakhale zikuluzikulu. Koma mutu ndi womwe uja, masamu amawerengera mumtima. Pa mayeso, sukulu inamupatsa aphunzitsi oti iye azinena mayankho, iwo azilemba. Tinathokoza kwambiri.

Chiyambire zimenezi wachoka pa nambala wani, wafika pa naini. Ali pa wani tsopano ndi mwana wa aphunzitsi omwewo. Mwina ndi nzeru zake, ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, sindingaweruze. Koma dzulo ndikumuluka tsitsi, mng'ono wangayo anandiuza kuti, "Achemwali, ine ndikadali kunena yankho, cholembera chawo chimakhala chitaima kale. Ndimamva."

Ndinapita ku ofesi kwa ahedi, koma ndinangopereka moni n'kubwerera.

Mayeso opitira ku sekondale ndi mwezi wamawa. Inu munaphunzitsapo, sangakubwezeni pakhomo. Chonde bwerani mudzapemphe kukhala pambali pake, muzidzangoyang'ana pepalalo.

Amayi sindinawauze.

Ndine,
mwana wamkulu wa achimwene anu